Chainsaw yafika kuchokera ku Joni, woigwira ndiye palibe

Amake Shakira (Makawa): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa odziwa za makina. Achimwene anga a ku Joni atitumizira chainsaw, makina odulira mitengo aja, akuti tisamavutikenso kugula nkhuni zowambira nsomba. Pakhomo pali mitengo iwiri ya mango yomwe inazuka ndi mphepo ya mvula, komanso kumunda kuli bulugama amene anadzala malemu bambo. Koma woigwira palibe. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti waonera pa YouTube ndiye atha, ine mtima sukuvomera. Tiyambire pati? Nanga mafuta ake ndi petulo wamba yemweyu?

Makaniko wa pa Soko: Amayi, musailize kaye. Mukathira petulo yekhayekha injini ipsa tsiku lomwelo. Makina amenewa ndi a two-stroke, alibe malo osungira oyilo wa injini, oyilo amalowera limodzi ndi petulo. A kampani ya Stihl, opanga makinawa, amati 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi, kapena 100 pa kachigubu ka malita 5. Zachitchaina zambiri, izi zolembedwa 5200 kapena 5800, zimalemba 25:1, ndiye kuti mamililita 40 pa lita. Onani zomwe zalembedwa pa makinawo kapena m'kabuku kake. Poyeza gulani sirinji ku famase, osati zomangoti "thirani pang'ono". Sakanizirani m'chigubu, khutchumulani, kenako muthire m'makina.

Kabaza Boy: Oyilo ku Makawa angasowe? Asodzi ali naye wa mainjini a maboti, angopempha kwa aneba basi

Makaniko wa pa Soko: Ameneyo ndiye ayi aise. Ma chainsaw ambiri ochokera kunyanja amene amafika pa ine amakhala afa ndi oyilo wa boti yemweyo. Injini ya boti imaziziritsidwa ndi madzi, chainsaw imaziziritsidwa ndi mphepo ndipo imatentha kwambiri. Botolo likalembedwa TC-W3 kapena outboard, lisiyireni a maboti. Mabuku a Stihl ndi a Husqvarna onse amakaniza.

Che Saidi wa Matabwa (Namwera): Za mafuta a Makaniko anena zoona, koma ine ndiyambe ndi za mwanayo. Achemwali, mtima wanu ukukuuzani zoona. Asaigwire. Sikuti ndi wamng'ono kokha, ngakhale bambo wa ndevu amene sanaonetsedwe ndi munthu wodziwa sindingamupatse yanga. Tcheni chija chikakhala pa liwiro chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi imodzi. Nkhwangwa ikaphonya imakutema kamodzi, ichi chikakukhudza mano ambirimbiri amakhala adutsa kale usanasiye n'komwe kufinya. Ndipo mtengo wozuka ndi mphepo ndiye woopsa kuposa woimirira, ngakhale anthu amauona ngati wophweka poti wagwa kale.

Amake Shakira (Makawa): Woopsa bwanji a Che Saidi, poti uli pansi?

Che Saidi wa Matabwa (Namwera): Uli pansi koma sunapume. Nthambi zina zapindika, zapanikizidwa ndi thunthu, ukangozidula zimafyanthuka n'kukumenya pachibwano kapena pamsongolo. Thunthu nalo litsamira pa nthambi zapansi, ukachotsa yolakwika limagubudukira kwa iwe. Chachitatu, chomwe ambiri sachidziwa, ndi mizu. Mango akazuka amanyamula chidothi chonse ndi mizu, n'kusiya dzenje kuseri. Ukadula thunthu pafupi ndi tsinde, chitsa chija chimatha kubwerera m'dzenje mwake mwamphamvu. Ana amakonda kusewera m'dzenje lomwelo chifukwa muli mthunzi, ndipo wodulayo sawaona, sawamvanso chifukwa cha phokoso. Ndisanalize makina ndimayamba ndazungulira mtengo wonse ndi maso anga.

Mango a pakhomo alinso ndi vuto lina, misomali ndi mawaya oyanikapo zovala zomwe zinamira m'khungwa kalekale. Tcheni chikagunda msomali mano amabenthuka, nthawi zina chimaduka. Funsani akuluakulu a pakhomo pomwe ankamanga waya.

Aphunzitsi a ku Malindi: A Che Saidi, tafotokozani zija zoti makina amadumphira kumaso. Kwathu kuno mnyamata wina ali ndi chipsera kuyambira paphewa mpaka pakhutu. Anthu ankati wamuponyera mnzake amene ankalimbirana naye maganyu.

Che Saidi wa Matabwa (Namwera): Palibe anamuponyera aphunzitsi. Yang'anani nsonga ya bar, chitsulo chachitali chomwe tcheni chimazungulirapo, pomwe tchenicho chimakhotera. Mbali yam'mwamba ya nsongayo ikagunda chinthu, kaya nthambi ina kuseri, kaya chipika chapafupi, kaya mwala, mano saduladula, amakola. Mphamvu yonse ya injini imaponya bar m'mwamba n'kubwerera kwa iwe. Palibe munthu wachangu woti angazinde. Ndiye ife timadula ndi pamimba pa bar, pafupi ndi injini, pamene pali timinga tachitsulo tija toluma mtengo. Nsonga uzidziwa pomwe ili nthawi zonse.

Pa nkhuni napo zimachitika kwambiri, chifukwa anthu amadulira pamulu. Ukudula chipika chakutsogolo, nsonga yakhudza chakumbuyo, basi zachitika. Chotsani chimodzi, chiikeni pachokha, dulani.

Kagwiridwe: dzanja lamanzere pa chogwirira chakutsogolo, chala chachikulu chikulunge pansi, osati kungochigoneka pamwamba. Lamanja kumbuyo. Ngakhale wamanzere agwire chomwecho, makina anawapanga choncho. Thupi likhale chakumanzere pang'ono, mutu usakhale mu mzere wa bar, kuti ikadumpha idutse pambali pa phewa. Osadula pamwamba popitirira mapewa, osadula uli pa makwerero, osadula ndi dzanja limodzi lina litagwira nthambi.

Chipulasitiki chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere chija si chokongoletsa, ndi buleki. Chikapita kutsogolo tcheni chimaima nthawi yomweyo. Poliza, buleki ikhale yotseka. Poyenda kuchoka pa chipika china kupita pa china, tsekaninso.

Makaniko wa pa Soko: Ndipo anyamata amachizula chimenecho akuti chimawasokoneza. Wina anabwera ndi yopanda buleki, yopanda kachitsulo kogwira tcheni chikaduka, akuti mungondikonzera kabuleta. Ndinamubweza.

Kabaza Boy: Koma madala inu mukutiopseza kwambiri. Anyamata a matabwa timawanyamula tsiku ndi tsiku, amacheka atavala mapatapata ndi kabudula, poliza amangoiponya m'munsi n'kukoka chingwe, vuuu yalira. Sanafe ayi 😂

Anesi: Amene mumawanyamula popita ndi amenewo achimwene, ife timaona amene mumawabweretsa. Mabala a chainsaw si ofanana ndi a chikwanje. Sichitema, chimang'amba n'kuchotsa mnofu, m'kati n'kusiyamo utuchi ndi oyilo, moti kusoka kwake kumavuta. Kawirikawiri ndi mwendo wamanzere, ntchafu kapena bondo, ndi dzanja lamanzere.

Poti nkhani yafika apa, ndinene zochita ngozi ikachitika. Zimitsani makina. Tengani nsalu yoyera, chitenje ngakhale malaya, finyani pabalapo mwamphamvu osasiya. Nsalu ikanyowa musaichotse kuti muone, sanjikizani ina pamwamba. Ngati magazi akuthovoka pa mwendo kapena pa mkono ndipo kufinya sikukuthandiza, mangani nsalu yotambalala kumtunda kwa bala, lowetsani kamtengo, potokolani mpaka magazi asiye, lembani nthawi yomwe mwamanga ndipo musamasule panjira. Osamanga ndi waya kapena kachingwe kakang'ono. Chonde osathira dothi, mchere, petulo, mankhwala otsukira mano kapena mafuta a mabuleki. Chala chikaduka chikulungeni m'kansalu koyera, muike m'pepala la pulasitiki, mubwere nacho. Ndipo ngakhale bala lioneke laling'ono pitani kuchipatala chifukwa cha kafumbata.

China, musakadule nokha kutchire. Pakhale wina, foni ikhale ndi mayunitsi, ndipo mudziwiretu wa njinga yamoto woti mungamuimbire. Wa ku Makanjira kapena ku Katuli aganizire kutalika kwa msewu asanalize makina.

Che Saidi wa Matabwa (Namwera): Zikomo anesi. Za kuliza moponya zija ndi zachibwana. Ika makina pansi pabwino, buleki yotseka, phazi lamanja liponde chogwirira chakumbuyo, dzanja lamanzere ligwire chakutsogolo, koka ndi lamanja. Komanso osalizira pomwe wathirira mafuta, suntha mamita atatu kapena kuposa. Fodya kutali.

Mjoni: Moni nonse, ndine mwini katunduyo. Asisi, ndinaika helemeti ya ukonde kumaso ndi zotseka m'makutu m'katoni momwemo, mufufuze pansi. Buluku lotetezera miyendo lokha ndi limene sindinagule, linali lodula kwambiri. Kuno ku Johannesburg abwana athu sakulola kugwira makina opanda buluku limenelo.

Kabaza Boy: Buluku la jini silikwana? Ndi kutentha kwa Mangochi mwezi wa October munthu avale chibuluku chokhuthala, afa ndi thukuta asanavulale n'komwe

Mjoni: Jini siletsa kanthu aise. Lija lili ndi ulusi wautaliwautali m'kati. Tcheni chikang'amba nsalu yapamwamba chimakoka ulusiwo, umakakulungana pa giya yoyendetsa tcheni, makina n'kuima. Lilipo lina lomangira pamwamba pa buluku wamba, lotseka kutsogolo kokha, kumbuyo kuli pululu, limenelo ndiye lingayenere kwathuko.

Che Saidi wa Matabwa (Namwera): Kutentha ndi nkhani yoona, tisamuseke mnyamatayu. Yankho lake ndi nthawi. Ine ndimayamba kukangocha, dzuwa likafika paliwombo ndaweruka. Ngozi zambiri zimachitika munthu atatopa, manja atalema, akuti ndingomaliza kamodzi aka. Amene ali pa swaumu, makamaka, adule m'mawa basi. Za mowa sindinena n'komwe. Kumapazi majombo, akapezeka a chitsulo kutsogolo ndiye bwino. Malaya osalendewera, mkanjo kapena mpango zivulidwe. Za m'makutu musazipeputse, phokoso lake limapitirira madesibelo 100. Anzanga amene ndinayamba nawo ntchitoyi lero ukawapatsa moni amayankha za nsima.

Amake Shakira (Makawa): Helemeti ndaipeza achimwene, zikomo. Mwanayo ndamuwerengera zonsezi, wangoti zii. Ndaganiza ndipeze munthu wodziwa adule, tizimulipira, mwana azingothandiza kunyamula.

Che Saidi wa Matabwa (Namwera): Mwaganiza bwino, koma pa kuthandizapo mpamene ndikuchenjezeni. Wothandiza nayenso amavulala. Asagwire chipika pamene mnzake akudula, asapondepo ndi phazi, asatole nkhuni makina akulira. Adikire patali, wodula atseke buleki, amukodole, ndiye abwere. Khomani mitengo iwiriiwiri mopingasa mupange kathandala kogonekapo zipika kuti pasafunike dzanja la munthu. Kathandalako kathandizanso kuti tcheni chisakhudze pansi. Kwanu ku Makawa ndi mchenga wokhawokha, tcheni chikangopala mchenga kamodzi chabuntha. Zipika zokokedwa pansi muzipalako khungwa ndi chikwanje pamalo podula.

Aphunzitsi a ku Malindi: Nanga munthu amadziwa bwanji kuti chabuntha?

Makaniko wa pa Soko: Yang'anani zomwe zikutuluka. Chakuthwa chimalavula tizibenthu tooneka bwino ndipo chimadzikokera chokha mu mtengo. Chobuntha chimatulutsa utuchi wosalala ngati ufa woyera, chimafuka utsi, chimadula mokhota, ndipo umachita kukanikiza ndi mphamvu. Kukanikizako nkomwe kumatopetsa munthu n'kumuphonyetsa. Kunola kumafuna katupa kobulungira kolingana ndi tcheni chanu: mamilimita 4.0 pa timatcheni ting'onoting'ono, 4.8 pa tcheni cha nambala .325, ndipo 5.2 kapena 5.5 pa cha 3/8 malinga ndi kampani. Manambala a tcheni amalembedwa pa bar pafupi ndi injini. Katupa kapendekeke madigiri 30, muzikankha kuchokera m'kati kupita kunja, dzino lililonse kofanana, mbali imodzi yonse kenako inayo. Injini yozima, magolovesi m'manja.

Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kachitsulo koletsa kuti lisalume kwambiri. Anyamata a matabwa amakapala mpaka pansi kuti makina azidya msanga. Amadyadi, koma amanjenjemera ndipo amadumpha pafupipafupi. Kamayenera kutsika pafupifupi mamilimita 0.65 okha pansi pa dzino.

Tcheni chisalendewere pansi pa bar, koma chizitha kukokeka ndi dzanja. Chatsopano chimatamuka msanga, muzichiona pafupipafupi. Mukachimanga chili chotentha, poweruka chimasuleni pang'ono, chifukwa chikazizira chimafupika.

Kabaza Boy: Nanga thanki yachiwiri ija? Ife timaona akuthiramo oyilo wakuda wa ku garaja

Makaniko wa pa Soko: Imeneyo ndi ya oyilo wa tcheni. Wakudayo sindimulimbikitsa. Muli tizitsulo tomwe timadya pampu ndi bar, sakakamira pa tcheni, ndipo ndi woipa pakhungu.

Che Saidi wa Matabwa (Namwera): Apa a Makaniko tisiyana pang'ono. Oyilo weniweni wa tcheni ku Namwera kuno umupeza kuti? Tinene zoona, ambirife timathira amene wapezeka. Ine ndimati ukasowa weniweniyo gula wa injini watsopano wotchipa, kusiyana n'kuyendetsa chouma.

Makaniko wa pa Soko: Watsopano ndilibe naye mawu madala, ndikukana wakudayo. Ndipo kwa amayiwa nkhani ndi ya chakudya. Oyilo amene amachoka pa tcheni amatsalira pa nkhuni, nkhunizo akawambira kampango ndi mlamba zomwe tidye ndi ife tomwe. Poyesa ngati oyilo akutuluka, lozetsani nsonga pa chitsa osakhudza, finyani pang'ono, pazioneka kamzere ka oyilo. Thanki ya petulo ikatha, ya oyilo nayo ikhale itatsika.

Gogo Nachisale: Ine ndawerenga zonse koma mtima ukundiwawa. Tikuphunzitsana kunola makina omwe atimalizira mapiri. Kale popita ku Namwera unkadutsa m'nkhalango yoti dzuwa osaliona. Munthu wa nkhwangwa ankatha tsiku ndi mtengo umodzi, awa tsiku limodzi agwetsa phiri. Mvula ikagwa madzi onse amatsikira m'nyumba zathu, ndiye tizidabwa?

Mjoni: Agogo, ine ndatumiza kuti adulire mitengo yomwe anadzala bambo athu, osati ya m'phiri.

Gogo Nachisale: Lero ndi ya bambo anu mwanawe. Ikatha, makina adzakhala m'nyumba? Adzabwera a uvuni wa njerwa kudzabwereka, adzabwera a makala.

Madala Opuma (za nkhalango): Agogo akunena zoona ndipo tisawatseke pakamwa. Ndiwonjezere za malamulo poti ndinagwirako ntchito imeneyi. Lamulo la nkhalango ndi la 1997, ndipo mu 2020 linasinthidwa, zilango zinakwera, makala opanda chiphaso ndi mlandu waukulu. Namizimu, Phirilongwe ndi Mangochi Forest Reserve ndi nkhalango zotetezedwa. Ya Mangochi kuyambira 2018 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks, monganso paki ya Liwonde. Mapiri ozungulira Chembe ali mu Lake Malawi National Park. Kupezeka m'malo amenewa ndi chainsaw, makina alandidwa ndipo inu mukagona ku polisi. Mitengo yachilengedwe monga mbawa ndi mlombwa, ngakhale ili m'munda mwanu, yambani mwafunsa a zankhalango ndi amfumu. Bulugama, keshya, malayina ndi nimu zodzala nokha ndi zanu, koma mukafuna kunyamula nkhuni zambiri pa galimoto pitani kaye ku ofesi ya nkhalango mukatenge chikalata, kuopa kukangana pa rodibuloko.

Amake Shakira, bulugama ndi keshya zimaphukira. Dulani m'munsi bwino, chitsa chipendekeke kuti madzi asakhalepo, mphukira zikakula musiye ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Musadule munda wonse chaka chimodzi, gawani. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December, mukwiriremo m'mipata. Ndipo makinawo musabwereketse munthu amene simukudziwa komwe akupita nawo.

Che Saidi wa Matabwa (Namwera): Poti bulugamayo ndi woimirira, wodulayo mumuonetsetse izi. Ngati sakuchita, mubwezeni. Ayang'ane komwe mtengo wapendekera ndi nthambi zouma m'mwamba. Anthu onse, mbuzi zomwe, akhale kutali kuwirikiza kawiri ndi theka kutalika kwa mtengowo. Alambule njira yothawira chakumbuyo cham'mbali, osati kumbuyo kwenikweni chifukwa tsinde limatha kubwerera. Ayambe kusema kamwa mbali yomwe mtengo ugwere, kulowa pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a thunthu. Kenako adule kumbuyo, pamwamba pang'ono pa kamwalo, koma asadutsitse. Pakati pazitsala kachigawo kosadula, pafupifupi gawo limodzi la magawo khumi, ndi kamene kamawongolera mtengo pogwa. Akakadula, mtengo umagwera komwe wafuna wokha. Mwera ukamaomba asagwetse mtengo, adikire. Ngati pali mawaya a magetsi pafupi, uzani a ESCOM kaye. Mtengo ukakodwa pa unzake osalowa pansi pake, osakwera, osadula wachiwiriwo.

Podula thunthu lili pansi, aone pomwe latsamira. Likatsamira mbali zonse ziwiri pakati pali m'malere, ayambe pamwamba pang'ono, amalize kuchokera pansi. Likatsamira mbali imodzi inayo ikulendewera, ayambe pansi, amalize pamwamba. Akasemphanitsa, bar imapanidwa. Ikapanidwa azimitse injini, atukule chipika ndi mtengo, osakoka makina akulira.

Aphunzitsi a ku Malindi: Njuchi musaiwale. M'mango akale ndi m'misangu mumakhala mphako, phokoso la injini limaziputa.

Adimini: Amene akufuna manambala a odula alemberane kumbali, pagulu pano osaponya manambala. A Kabaza Boy, kanema wa munthu wovulala uja ndachotsa, pano pali ana ndi makolo.

Kabaza Boy: Pepani bwana. Funso lomaliza kwa a Makaniko, petulo akamasowa chonchi munthu sangasakanize chigubu cha malita 20 n'kusunga?

Makaniko wa pa Soko: Sakanizani wokwana ntchito ya masabata ochepa, asapitirire mwezi. Akakhalitsa amaguga, makamaka ndi kutentha kwa kuno, ndipo petulo wathu ali ndi ethanol amene amakoka chinyezi n'kuumitsa timapaipi ndi timphira ta mu kabuleta. Wa m'zigubu za mumsewu muzimusefa, ena amamuthira palafini. Chigubu chikhale chotseka bwino, pamthunzi, kutali ndi khitchini ndi pomwe mumawambira nsomba, ndipo musathire m'botolo la zakumwa poti ana angamwe. Makina akakhala miyezi osagwira ntchito, khuthulani thanki, alizeni mpaka azime okha, chotsani tcheni ndi bar, pukutani, pakani oyilo.